Kumene Phula Lathera: Ulendo M'misewu ya Fumbi ya ku Mchinji

Anthu ambiri amene amati anafikako ku Mchinji amadziwa msewu umodzi wokha, wa M12, wochokera ku Lilongwe kudutsa pa Namitete, Waliranji ndi Kamwendo mpaka pa Boma, kenaka kuchipata cha Mwami cholowera ku Zambia. Ndi msewu wabwino, ndipo munthu amafika malaya ali oyera. Koma mwa anthu oposa 600,000 amene kalembera wa mu 2018 anapeza m'boma lino, ochuluka sakhala m'mbali mwa phula. Kuti muwapeze muyenera kukhotera m'misewu ya fumbi, ina yoti galimoto imadutsamo kamodzi pa sabata, ina yongodziwa ngolo ndi njinga.

Ife amene timayendayenda ndi maphunziro a zaumoyo m'midzi timaidziwa misewu imeneyi ndi msana wathu. Komabe ndinene poyera kuti ndi yokongola. Mukachoka pa Boma kulowera kumpoto, njira ya ku Mkanda, mapiri a Mchinji amakuperekezani kudzanja lamanzere, atavala nkhalango ya miombo ndi misuku. M'mapiri amenewa ndi momwe mtsinje wa Bua umayambira ulendo wake wautali wokathira m'nyanja ku Nkhotakota. Malire a dziko lino ndi Zambia amatsata msana wa zitunda zomwezi, mwakuti mvula yogwa mbali ino imapita ku Bua, pamene yogwa kuseri imatsikira ku Luangwa. Dzina lakale la Boma linali Fort Manning, lochokera pa linga limene Angerezi anamanga panthawi ya nkhondo yawo ndi Angoni a Mpezeni mu 1898. Lero m'mipata ya mapiriwa mumadutsa amayi osenza masuku, anyamata okankha njinga za makala, ndi anthu opita kumaliro kwa abale awo kutsidya, pakuti malire anadula dziko koma sanadule chibale.

M'mwezi wa October dera lonse limakhala ngati lapsa. Minda ya mtedza ndi soya imakhala mbee, akavuluvulu akuvina m'mizere, ng'ombe zikufunafuna mthunzi. Msewu umadutsa pakati pa maesiteti, mbali iyi zigafa za fodya, mbali iyo tinyumba taudzu ta matenanti, ambiri mwa iwo ochokera kumaboma akutali, opanda mbale woti angamuthamangire zinthu zikavuta usiku. Lole ikakudutsani, fumbi lofiira limatenga nthawi kuti likhazikike, ndipo mumalimva m'mano.

Woyenda ulendo wotere m'chilimwe asadalire kuti akapempha madzi kutsogolo. Nyamulani anu, owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo muzimwa ludzu lisanakupezeni. Mkodzo ukayamba kuda, mutu n'kumalemera, dziwani kuti thupi lauma kale. Nyamukani m'mamawa dzuwa lisanakwere, mutadya phala kapena mbatata, m'thumba muli mtedza ndi nthochi. Amene ali ndi mphumu atseke pakamwa ndi mphuno ndi kansalu, ndipo mankhwala awo asawasiye kunyumba. Pa kabaza wa njinga yamoto, funsani chipewa chodzitetezera musanafunse mtengo. Pamchenga ndi pamene njinga zimagwetsa anthu kwambiri, makamaka zikakweza atatu kapena anayi, ndipo mutu ukamenya pansi kuno chipatala chili kutali. Musalowenso m'madzi odikha a m'madambo pofuna kuziziritsa mapazi, chifukwa ndi momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Njoka ikaluma munthu m'njira, musatemepo, musayamwe, musamange chingwe mothina. Mugonekeni, mwendo usagwedezeke, ndipo mumunyamule kupita naye kuchipatala.

Zimenezi ndi za mlendo wodutsa. Nkhani yaikulu ndi ya amene amakhala kumapeto kwa msewu.

Mchinji ndi dziko la madambo. M'chilimwe dambo simuliona n'komwe: mumangomva kuti njinga yatsika pang'ono, dothi lasintha kuchoka pa katondo kukhala makande akuda ong'ambikang'ambika. Koma mvula ikakhazikika mu January ndi February, makande aja amasanduka phala. Matayala amangozungulira pamodzimodzi, matope amamata njinga mpaka kuleka kuyenda, ndipo timilatho tamitengo timapita ndi madzi. Mitsinje ngati Rusa imasefukira n'kutseka njira kwa maola kapena masiku. Tsiku lina ndinafunsa agogo ena m'mudzi wa kufupi ndi dambo kuti, "Agogo, kuchipatala n'kutali bwanji kuchokera pano?" Iwo anaseka nati, "Mwana wanga, ukufunsa za mwezi uti?" Yankho limeneli ndi loona kuposa makilomita olembedwa pachikwangwani.

Chowawa n'chakuti miyezi imene msewu umafa ndi yomweyo imene malungo amachuluka, matenda otsekula m'mimba amabuka, ndipo m'nkhokwe chimanga chimakhala chatha, ndalama yolipira njinga palibe. Mwana wosakwana zaka zisanu akhoza kuyamba kutentha thupi madzulo n'kufika pokomoka m'mawa. Mayi amene wataya magazi ambiri atabereka alibe maola oti n'kudikira kuti madzi aphwere. Ambulansi ikhoza kunyamuka ndithu, koma imakaima tsidya la dambo, magetsi ali pwii, anthu akubwera ndi wodwala pamachira.

N'chifukwa chake timati ulendo wa kuchipatala wa mu February umakonzedwa mu October. Mayi woyembekezera amene tsiku lake likugwera m'dzinja akambirane ndi anamwino kusikelo za nthawi yoti apite kukadikirira kuchipatala, kaya ndi ku Mkanda, ku Kapiri, ku Kochilira kapena pa Boma, osayembekeza kuti matenda ayambe ali kunyumba. Apa ndiyankhule ndi abambo komanso apongozi, chifukwa kawirikawiri ndi iwo amene amachedwetsa: kupalira kukhoza kudikira, kapena achibale angathandize, koma mimba sidikira. Pogulitsa mtedza ndi soya, patulani ndalama ya mafuta a njinga, muiike padera, isakhudzidwe ngakhale pogula feteleza. Dziwani tsiku limene mlangizi wa zaumoyo amatsegula chipatala cha ana cha m'mudzi, ndiponso kumene amagona. M'nyumba musasowe mapaketi a Thanzi, ndipo neti ikhale yopachika, osati yotchingira dimba.

M'mudzi wina umene timapitako kawirikawiri, mbali ya kumapiri, anthu anachita chinthu chosavuta koma chanzeru. Pakhoma la nyumba ya amfumu analembapo ndi makala manambala a foni a anyamata atatu a njinga zamoto, ndi dzina la mwini ngolo amene anavomera kudzutsidwa usiku. Anagwirizana kuti mtengo wa usiku ukhale wodziwika kale, kuti pasakhale kukambirana wodwala ali chigonere. Chaka chilichonse, mvula isanagwe, amasankha tsiku limodzi pakati pa sabata, amuna ndi amayi, n'kupita ndi makasu padambo kukatsegula ngalande ndi kuthira miyala pamalo amene ngolo inatitimira chaka chatha. Miyalayo amaitola m'munsi mwa phiri, ndipo imafika ndi ngolo yomweyo. Nditadutsapo mwezi watha ndinapeza atafika kale pakati pa dambo, mulu wina wa miyala uli pambali kudikira sabata yamawa.