Fungo la Chuku M'galimoto Silitha ndi Pefyumu

Mvula ikakhazikika mu Disembala ndi Januwale, magalimoto ambiri amayamba kumveka fungo lija la chipinda chimene chakhala chotseka kwa miyezi. Mukatsegula chitseko m'mawa, fungolo ndilo limayamba kukulonjerani. Mukayang'anitsitsa mupeza timadontho toyera, totuwa kapena tobiriwira pa lamba, m'mphepete mwa mipando, pa chiwongolero, nthawi zina ngakhale kudenga. Chimenecho ndi chuku. Ena amati nkhungu, ena nguwi. Ndi m'bale wake wa chuku chija chimene chimawononga chimanga ndi mtedza tikazisunga zisanaume.

Eni magalimoto ambiri amagula kapepala konunkhira kokoleka pagalasi, kapena kupopera pefyumu. Fungo limabisika masiku awiri, koma chuku chili pomwepo. Ife amene timathandiza pa nkhani za umoyo mumpingo taona kuti nkhaniyi ndi yofunika kuikamba monga timakambira za ukhondo wa pakhomo, chifukwa galimoto ndi kachipinda kakang'ono kotsekeka. Mvula ikamagwa mawindo onse amakhala okweza, ndipo aliyense amene ali m'katimo akupuma mpweya umodzi.

Chuku chimabala timbewu tosaoneka ndi maso timene timauluka mumpweya. Munthu wathanzi akapuma timbewuti akhoza kungoyetsemula, kutsekeka mphuno, kuyabwa maso kapena kumva kukanda kukhosi. Kwa wodwala mphumu nkhani ndi ina, pakuti akhoza kubanika ulendo usanafike n'komwe pakati. Amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika, monga olandira mankhwala a khansa kapena amene HIV yawafooketsa, ali pachiopsezo chokulirapo. Palinso amene anadwalapo TB. Matendawa akachira nthawi zina amasiya timphako m'mapapo, ndipo chuku cha mtundu wotchedwa Aspergillus chimatha kumera m'menemo. Tsono taganizirani amene timawanyamula kawirikawiri: agogo opita ku Sabata, ana aang'ono, ndi m'bale wodwala amene tikumuthamangitsira kuchipatala usiku.

Madzi akulowera pati?

Timbewu ta chuku tili paliponse, ndipo palibe amene angatithetse. Kuti timere timafuna chakudya ndi chinyezi. Chakudya m'galimoto sichisowa: nyenyeswa za mandasi, phala limene mwana anatayira pampando, thobwa, fumbi ndi thukuta. Chinyezi ndiye chimene tingathe kuchilamulira. Nsalu kapena kapeti ikakhala yonyowa kwa maola 24 mpaka 48, chuku chikhoza kuyamba. Choncho musanafunse za mankhwala opukutira, yambani mwapeza kumene madzi akuchokera. Mukapukuta osatseka polowera madzi, pakangotha masabata awiri mudzayambanso ntchito yomweyo.

Yambani ndi dzanja. Chotsani mamati onse, kenaka tindikizani kapeti ndi chikhatho mwamphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, mbali zonse. Pamwamba pakhoza kuoneka pouma, koma pansi pa kapeti pali chisiponji chokhuthala chimene chimamwa madzi ambiri n'kuwasunga. Mamati a labala, ngakhale ndi abwino nthawi ya matope, amabisa vutoli chifukwa salola pansipo kupuma. Tsegulaninso buti, mutulutse tayala la sipeya. M'dzenje lake ndi momwe anthu ambiri amapezamo chithaphwi chimene sankachidziwa.

Ngati ponyowa ndi kutsogolo, pamapazi a dalaivala kapena a wokwera naye, malo okayikitsa ndi awiri. Oyamba ndi kangalande kamene kali pansi pa mawaipa, pakati pa galasi lakutsogolo ndi boneti. Madzi otsika pagalasi amadutsa m'menemo n'kutulukira m'mbali. Amene amaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango kapena jakaranda adziwe kuti masamba ndi maluwa amawolera m'menemo n'kutseka timabowo totulukira madzi, ndiye madziwo amasefukira m'kati kudzera polowera mpweya. Achiwiri ndi kapaipi ka AC. AC ikamagwira ntchito imachotsa chinyezi mumpweya, ndipo madziwo amayenera kudonthera pansi pa galimoto. N'chifukwa chake mumaona kadziwe pamene mwaima tsiku lotentha. Ngati AC yayaka nthawi yaitali koma pansi palibe dontho, mwina kapaipi katsekeka ndipo madzi akuthera pakapeti.

Chenjerani ngati madziwo ali oterera m'manja, onunkhira motsekemera, ndipo madzi a mu rediyeta akucheperachepera. Ameneyo ndi hita amene wabooka. Madzi amenewo ndi poizoni kwa ana ndi ziweto, ndipo ntchito yake ndi ya makaniko.

Malo ena ndi malabala a zitseko ndi a buti amene aphwa kapena kung'ambika, m'mbali mwa nyali zakumbuyo, ndi timabowo tapansi pa chitseko timene timatsekeka ndi matope. Mukagwedeza chitseko n'kumva madzi akukhuvuka m'kati, tsegulani timabowoto ndi kawaya. Magalimoto okhala ndi windo lapadenga ali ndi timapaipi m'makona a windolo, ndipo nato timatsekeka. Njira yosavuta yopezera polowera ndi ya anthu awiri: mmodzi akhale m'kati ndi tochi, wina azithira madzi kunja pang'onopang'ono, kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba, mbali imodzi nthawi imodzi. Musafulumire, chifukwa madzi amatha kulowera kutsogolo n'kukaonekera kumbuyo.

Si nthawi zonse pamene galimoto imakhala ikudontha. Maambulera onyowa oiwalika pansi pa mpando, nsapato zamatope, matumba a chimanga chosauma, madzi a nsomba zogula kunyanja, zonsezi ndi chinyezi. Ku Thyolo, Mulanje ndi mbali zina za Blantyre, chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimachititsa kuti ngakhale nyengo yopanda mvula isakhale yodalirika.

Kuchotsa chuku

Sankhani tsiku la dzuwa, muyambe m'mawa. Galimoto ikhale panja, zitseko zonse ndi buti zili zotsegula, ndipo idutsidwe mphepo kwa kanthawi musanalowemo. Valani magolovesi ndi masiki, makamaka ya mtundu wa N95 ngati mwaipeza ku famase. Wa mphumu, woyembekezera ndi aliyense wofooka m'thupi asagwire ntchitoyi, ndipo ana akasewere kutali.

Musayambe ndi kukutumula mipando kapena kuikwecha youma, chifukwa kutero n'kuulutsa timbewu tija kuti mutipume. Ngati muli ndi makina okoka fumbi, yambani ndi amenewo, ndipo zinyalala zake mukatayire kunja. Ngati mulibe, nyowetsani kansalu pang'ono n'kupukuta modekha kuti chuku chimatirire kunsaluko.

Viniga woyera wa m'sitolo amathandiza kwambiri, ndipo ndi wotsika mtengo. Sakanizani ndi madzi muyezo wofanana, kapena mugwiritse ntchito wosasungunula pamene chuku chachuluka. Yambani mwayesa pamalo obisika kuti muone ngati sasintha mtundu wa nsalu. Poperani pamalo pamene pali chuku ndi pozungulira pake, dikirani mphindi 20 kapena kuposerapo, kwechani ndi burashi yofewa, kenaka tindikizani ndi thaulo louma kuti limwe madziwo. Cholinga n'kunyowetsa nsalu yapamwamba yokha. Mukakhuthulira ndowa pampando, siponji yam'kati idzatenga masiku kuti iume, ndipo mudzakhala mwachidyetsa chuku m'malo mochipha. Fungo la viniga lisakudetseni nkhawa, limatha pakauma. Dashibodi, chiwongolero ndi mapulasitiki a zitseko zimayera ndi madzi a sopo. Mipando yachikopa ipukutidwe ndi kansalu konyowa pang'ono ka sopo wofatsa, kenaka n'kuiumitsa pomwepo. Denga lifuna dzanja lopepuka, chifukwa nsalu yake ndi yomata ndi guluu ndipo ikanyowa kwambiri imalendewera.

Amayi ambiri angafunse za Jik, poti ndi amene timamudalira kubafa ndi kuchimbudzi. M'galimoto ayi. Amasuwitsa mipando ndipo amafooketsa ulusi wa nsalu. Choopsa kwambiri n'chakuti Jik akasakanizidwa ndi viniga amatulutsa mpweya wa klorini umene umapsereza maso ndi mapapo. Musawasakanize, ndipo musathire mmodzi pamene mwangothira mnzake.

Malamba a mipando afuna chisamaliro chapadera, chifukwa tsiku langozi moyo wa munthu umatsamira pa ulusi umenewo. Kokani lamba yense mpaka kumapeto, mupane ndi pegi kuti asabwerere, mutsuke ndi madzi ofunda ndi sopo wofatsa basi, ndipo mumusiye chikokereni mpaka atauma. Lamba wobwerera m'bokosi lake ali wonyowa amatulukanso ndi chuku.

Ngati mukayatsa fani fungo limachokera m'timazenera totulutsa mpweya, onani fyuluta ya mpweya wam'kati. M'magalimoto ambiri a ku Japan imakhala kuseri kwa kabokosi kosungira mapepala kutsogolo kwa mpando wa wokwera. Ikakhala yakuda kapena yonyowa, musavutike n'kuitsuka, gulani ina.

Kuumitsa ndiye theka la ntchito yonse, ndipo ndi pamene anthu amatopera msanga. Ngati chisiponji chapansi pa kapeti chanyowa, kapetiyo iyenera kutukulidwa n'kutchingiriza ndi kamtengo kuti mpweya udutse, kwa tsiku lonse kapena masiku awiri a dzuwa. Fani ya m'nyumba yolozetsa pansipo imafulumizitsa. Pamene pafunika kumasula mipando, pitani kwa makaniko wodziwa, chifukwa mipando yambiri ili ndi mawaya a ma airbag pansi pake. Kukakhala mitambo, lizani injini, muyatse hita ndi AC limodzi, mawindo atatsitsidwa pang'ono. Hita amatulutsa chinyezi m'nsalu, AC n'kuchichotsa mumpweya. Izi zichitikire panja pokha. M'galaja yotseka utsi wa injini umapha munthu asanazindikire. Zonse zikauma, wazani soda wophikira pamipando ndi pakapeti, agone usiku, m'mawa mumuchotse. Amachepetsa fungo lotsalira.

Pali nthawi imene kutsuka sikuthandizanso. Buku la Levitiko, chaputala 13, limakamba za banga lomera pa chovala kapena pa chikopa. Chinthucho chinkatsukidwa n'kuikidwa padera masiku asanu ndi awiri, ndipo banga likapanda kusintha kapena likabwereranso, chinkatenthedwa. Nzeru yomweyo imagwira ntchito pano. Chisiponji chimene chada ndi kununkha, kapena chimene chinamizidwa m'madzi osefukira monga zinachitikira magalimoto ena pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, chichotsedwe n'kuikamo china. Madzi osefukira amabwera ndi zam'zimbudzi, ndipo viniga sangathane nazo.

Kuti isanyowenso

Mabanja ambiri a kwathu kuno amatsuka galimoto Lachisanu masana kuti ikhale yoyera pa Sabata. Kunja palibe vuto. Koma ngati anyamata otsuka magalimoto achapa mipando ndi kapeti ndi paipi cha m'ma 3 koloko, galimoto n'kutsekedwa dzuwa lisanalowe, ndiye kuti igona ndi madzi ake. Kuchapa kwam'kati tikusungire tsiku loyamba m'mawa, pamene pali dzuwa la tsiku lonse. Lachisanu kukwanire kusesa ndi kupukuta. Ndipo musalole kuti mamati abwezeredwe asanaume, ngakhale wotsukayo akuthamangira kasitomala wina.

Galimoto yoima nthawi yaitali, kaya chifukwa mafuta akusowa kapena ikudikira sipeya, ndiyo imagwidwa chuku msanga. Muziitsegula zitseko zonse kwa ola limodzi kapena awiri kukacha bwino, kamodzi kapena kawiri pa sabata. Ikhale pa simenti kapena pa miyala osati pa udzu, chifukwa nthaka imatulutsa chinyezi. Lona wapulasitiki wofunditsa mpaka pansi amatsekera chinyezicho m'kati. Kathumba ka makala ouma pansi pa mpando kamathandiza pa fungo, koma sikangamwe madzi a galimoto yodontha. Poyenda, zolowerani kuzimitsa AC patatsala mphindi zochepa kuti mufike, fani yokha n'kumazungulira, kuti m'kati mwa makinawo muume. Batani lozungulitsa mpweya womwewo lisakhale loyatsa ulendo wonse, makamaka mukadzaza anthu nthawi ya mvula.

Magalasi akamachita nthunzi m'kati m'mawa uliwonse pamene galimoto yagona yopanda munthu, ndiye kuti penapake pali madzi. Amene mukugula galimoto yakale yochokera ku Japan, imene yakhala yotseka pasitima ndi padoko la Dar es Salaam kapena Beira, kapenanso yapamsika wa konkuno, muinunkhize musanalipire. Tukulani mati, gwirani kapeti, kokani lamba mpaka kumapeto, ndipo muone ngati zitsulo zapansi pa mipando zachita dzimbiri. Mukapeza m'kati mwapoperedwa pefyumu wambiri, pemphani kuti zitseko zikhale zotsegula kwa theka la ola, kenaka mulowemonso.