Za Chikopa ndi Nsalu Yobwerera Kudothi

Polima m'munda khasu limakola sanza zimene tinataya kale padzala. Chiswe chazikana, mvula yalephera kuzioletsa. Zambiri mwa zobvala za kaunjika nza poliyesita, ulusi wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, umene anthu a ku England anautulukira m'chaka cha 1941. Ulusi umenewo ndiwo mbale wake wa pulasitiki; nthaka siudziwa, ndipo siulandira.

Makolo athu sanali kubvala zotere iai. Anali kusula chiwondo cha mtengo wa mombo. Angoni a Gomani anali kufufuta zikopa, napanga zobvala ndi zishango. Zikatha, zinali kuola ndi kusanduka dothi.

Tsono mphamvu ya chikopa iri m'timaulusi tating'ono topotana ngati chingwe, timene anzeru amatitcha kolajeni. Tiri m'khungu, m'mitsempha, m'mafupa ndi m'mamba a nsomba. Msuzi wa mapazi a ng'ombe umalimba ukazizira chifukwa cha kolajeni yemweyo.

Masiku ano anthu akutali akubwerera ku nzeru imeneyi. Kampani ya Kaneka ku Japan inasungunula kolajeni wa zikopa za ng'ombe, niwomba ulusi wopangira tsitsi lobvala. Kampani ya Modern Meadow ku America inaweta yisiti wobala kolajeni popanda kupha nyama, ndipo m'chaka cha 2017 inaonetsa malaya otere mu mzinda wa New York. Koma ntchito njobvuta: kolajeni amafewa m'madzi otentha, ndipo akamlimbitsa ndi mankhwala a kromu, monga achitira pofufuta zikopa zambiri, amachedwa kuola, madzi otayidwa naipitsa mitsinje.

Buku la Genesis litiuza kuti Mulungu mwini anabveka Adamu ndi Eva malaya a zikopa. Papa Francis, m'kalata yake Laudato Si' ya 2015, anadzudzula khalidwe lakutaya zinthu chitayetaye.

Chotero mukapha mbuzi ya paukwati kapena ya pa Khrisimasi, musaponyere agalu chikopa. Sendani bwino osachiboola, palani mafuta, thirani mchere, chiyanikeni pamthunzi chotambasula. Anyamata apemphe okalamba awaphunzitse kufufuta asanapite nayo nzeruyo kumanda. Sanza za poliyesita musazikwirire m'munda: amai azilukire zopondera pakhomo. Munda tinabwereka kwa Mulungu, ndipo ana athu adzalimamo ife titapita.