Kamera yobisika imadziulula yokha

Mwezi watha ndinagona pa resitihausi ina pa Dwangwa, kudikira basi ya m'mawa yopita ku Salima. Pakhoma panali tchaja yomwe ndinaipeza momwemo, yokhala ndi kabowo koyang'ana kubedi. Mtima unagunda. Tonse tikudziwa momwe kanema wa munthu ali chibadwire amathamangira pa WhatsApp: tsiku limodzi basi, banja latha, ntchito yatha.

Nzeru ndinaitenga kwa njovu. Mu 2016 ndi 2017, bungwe la African Parks linasamutsira njovu pafupifupi 500 ku nkhalango ya Nkhotakota kuchokera ku Liwonde ndi Majete, ndipo zina anaziveka makolala otulutsa mafunde a wailesi. Njovu ibisale chotani, kolala imaiulula. Mlonda akamayandikira ndi eriyo yake, kulira kwa kachipangizo kake kumakula.

Kamera yobisika ndi chimodzimodzi. Kuti itumize zithunzi kwa mwini wake imayenera kulankhula, kawirikawiri pa Wi-Fi ya 2.4 GHz. Mafunde amenewo foni yanu imawamva.

Tsono ndinatsegula Wi-Fi ndi Bluetooth n'kumazungulira m'chipindamo pang'onopang'ono. Chofunika kuyang'ana ndi dzina lachilendo, la zilembo zosakanikirana ndi manambala, lomwe timizere take timadzadza mukayandikira malo amodzi. Mukazula chomwe mukuchikayikiracho dzinalo n'kuzimirira, apo nkhani ilipo. Ngati mwalumikiza pa Wi-Fi ya pamalopo, apu ngati Fing imaonetsa zipangizo zina zomwe zili pamenepo. Komanso kuyambira 2023, mafoni a Android amachenjeza ngati AirTag ya munthu wina ikuyenda nanu m'chikwama.

Koma tisanamizane, aphwanga. Kamera yongosunga pa memore khadi imakhala duu, situmiza kanthu. Imeneyo thimitsani magetsi, muunike ndi tochi ya foni pawotchi, pasoketi ndi pa TV. Diso la kamera limanyezimira ngati la mphaka usiku.

Mukaipeza, musaiphwanye ndi mkwiyo. Ijambuleni pomwe ili, mutuluke, mukanene kupolisi. Malawi ali ndi lamulo la 2016 lokhudza milandu ya pa intaneti, koma popanda umboni mlandu suyenda.

Tchaja ija? Kabowo kanali ka kanyali chabe. Ndinadziseka ndekha. Komabe ndinaizula n'kuitsekera m'dilowa, kenako ndinagona tulo tofa nato mpaka kondakitala atayamba kukuwa panja.