Tikiti Tagula, Mwana Wadwala Katsabola

Tchuthi chikayandikira, mabanja ena amakonzekera ulendo wa Umrah, ena wokaona abale ku Johannesburg. Mwadzidzidzi, kutatsala masiku ochepa, mwana n'kutuluka katsabola. Kodi amulola kukwera ndege?

Katsabola amafala kudzera mu mpweya ndi madzi a m'matuza. Mwana amayamba kupatsira anzake tsiku limodzi kapena awiri matuza asanaoneke, ndipo amasiya pokhapokha onse atauma n'kuchita nkhanambo. M'ndege anthu amathinana kwa maola ambiri, ndipo mwa iwo mungakhale mayi woyembekezera kapena khanda, amene matendawa angawaike pangozi.

N'chifukwa chake makampani ambiri a ndege amafuna papite masiku 6 kapena 7 chitulukire thuza lomaliza. Malamulo amasiyana, choncho tifunse msanga kumene tinagula tikiti. Kenako tipite naye mwanayo kwa dokotala, akamuone ndi maso. Ngati matuza onse auma, alembe kalata ya m'Chingerezi yonena kuti mwanayo sangapatsirenso ena. Ikhale ndi dzina monga lilili pa pasipoti, tsiku ndi chidindo, ndipo ilembedwe ulendo uli pafupi. Popanda kalatayo, akaona zipsera kumaso pa Chileka, angathe kutibweza.

Ena amamuveka mwana zovala zazitali pofuna kubisa matuza aawisi. Kumeneko n'kupereka matenda kwa mwana wa mnzathu. Ndi bwino kusintha tsiku la ulendo.

Tiyang'anenso abale ake. Katsabola amabisala m'thupi masiku 10 mpaka 21, ndiye mng'ono wake angatuluke matuza tili kale ku Makkah, kalata n'kufunikanso pobwerera.