Mawotchi alipo, okonza akutha

Bambo anga atamwalira, abale anagawana mbuzi ndi njinga. Ine ndinangopempha wotchi yawo yapamkono ya Seiko 5, yomwe anabwera nayo kuchokera kumigodi ya ku Joni. Chidwi changa chinayambira pamenepo, ndipo lero ndili ndi mawotchi 14, ambiri ogula pamsika ku Limbe.

Wotchi ya bamboyi silira batire. M'kati mwake muli kachitsulo kamene kamazungulira mkono ukamagwedezeka, n'kumakunga sipuling'i. Ukaivula masiku awiri, imaima. Mawotchi a quartz, oyendera batire, anabwera pambuyo: woyamba wapamkono, Seiko Astron, unatuluka mu 1969. Ndilinso ndi Casio F-91W, ya mu 1989, ija tinkanyadira kusukulu.

Nkhawa yanga ndi okonza. Madala amene ankandikonzera pakhonde la sitolo anasiya chaka chatha, maso anafooka. Anyamata amene alipo amangosintha batire ndi lamba. Akuti nthawi aliyense akuonera pafoni.

Tsopano wotchi ya bambo yayamba kutsalira. Amisiri otsalanu, chonde phunzitsani achinyamata luso limeneli lisanapite nanu.