Injini ya boti ikakana kulira, muyambire pati?

M'magombe a Nyanja ya Malawi, kuyambira ku Makanjira ndi ku Monkey Bay mpaka ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, mabanja ambiri amadya chifukwa cha injini ya boti. Zodziwika kwambiri ndi za Yamaha Enduro za 15, 25 ndi 40 HP, ndipo zambiri zagwira ntchito zaka zochuluka. Injini yotere ikakana kulira pagombe, usipa wa usiku umenewo wapita. Ikazima pakati pa nyanja mwera ukuyamba, miyoyo ya alovi imakhala pa chiswe. Chomvetsa chisoni n'chakuti eni maboti ena amathamangira kugula CDI, chipangizo chodula, pamene vuto linali pulagi yakuda kapena waya wadzimbiri. Njira yabwino ndi kufufuza mwadongosolo: kuyamba ndi zotchipa ndi zosavuta kufikira, ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi.

Moto wa pa pulagi umachokera kuti?

Amene tinaphunzira Physics ku sekondale tikukumbukira zimene Michael Faraday anatulukira mu 1831: maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulungidwa, m'wayamo mumabadwa magetsi. Injini ya boti imagwiritsa ntchito mfundo yomweyi. Pamwamba pake pali gudumu lolemera lotchedwa flywheel, ndipo m'kati mwake muli maginito. Mukakoka chingwe, gudumuli limazungulira, maginito n'kudutsa pa koyilo yopanga magetsi. Magetsiwo amasungidwa m'kabokosi ka CDI. Koyilo ina yaing'ono, yotchedwa pulser, imadziwitsa CDI kuti pisitoni yatsala pang'ono kufika pamwamba. Pomwepo CDI imakankhira magetsi onse ku koyilo ya moto, yomwe imawakweza kufika pa mavoliti masauzande ambiri, ndipo moto umathetheka pa pulagi n'kuyatsa petulo.

N'chifukwa chake injini yokoka ndi chingwe siifuna batire kuti ilire. Mukaudziwa mndandanda umenewu, kufufuza vuto kumangokhala kutsata njira ya magetsi kuchokera kumapeto kubwerera kuchiyambi.

Tsimikizani kaye kuti vuto ndi la magetsi

Injini imafuna zinthu zitatu: mafuta osakanikirana ndi mpweya, mphamvu yopanikiza m'silinda, ndi moto wobwera pa nthawi yake. Choncho onani ngati kachibowo kolowetsa mpweya pa chivindikiro cha thanki n'kotsegula, ndipo finyani kampira kopopera mafuta mpaka kalimbe. Kokani chingwe pang'onopang'ono. Chikamabwera mopepuka kwambiri, osalimbalimba, mwina mphete za pisitoni zatha, ndipo imeneyo si nkhani ya magetsi.

Kenako masulani mapulagi muwayang'ane. Pulagi yonyowa ndi petulo ikutanthauza kuti mafuta akufika koma sakuyaka. Youma gwa mutakoka kangapo ikuloza ku paipi ya mafuta kapena kabuleta. Yakuda ndi yamatope imasonyeza oyilo wochuluka kapena kuyenda pang'onopang'ono nthawi yaitali. Injini zambiri zosakaniza petulo ndi oyilo zimafuna muyezo wa 50:1, kutanthauza mamililita 400 a oyilo pa malita 20 a petulo. Kuthira oyilo mongoyerekeza ndi maso kumapha mapulagi ambiri.

Kuyesa moto

Ikani giya pa neutral, pukutani petulo yense wotayikira, ndipo chotsani thanki pafupi, chifukwa nthunzi ya petulo imayaka ndi kamoto kakang'ono. Lowetsani pulagi m'chipewa chake, gunditsani mbali yake yachitsulo pa thupi la injini, wina akoke chingwe mwamphamvu. Musaigwire ndi dzanja. Gwiritsani ntchito pulayala ya zogwirira zapulasitiki. Pulagi inayo nayonso ikhale itagunda chitsulo, poti magetsi akasowa kolowera amatha kuwononga koyilo kapena CDI.

Moto wabwino umakhala wowala mobiriwira ngati wa mphezi ndipo umamveka kuti thethe. Koma dziwani kuti moto umalumpha mosavuta panja kusiyana ndi m'silinda momwe mpweya wapanikizika. Pulagi ikhoza kuthetheka pamtunda koma n'kulephera ikamangidwa. Amakaniko amagwiritsa ntchito kachipangizo koyesera kokhala ndi mpata wa mamilimita pafupifupi 7, womwe CDI yamoyo imalumpha popanda vuto. Mpata wa pa pulagi yeniyeniyo ndi wochepa. Pa mapulagi a NGK, nambala yothera ndi -10 imatanthauza mpata wa milimita imodzi.

Mapulagi onse akakhala opanda moto

Apa ganizirani zipangizo zimene masilinda onse amagawana. Choyamba ndi swichi yozimitsira, ija ya kachingwe kofiira. Swichiyi imazimitsa injini pothawitsira magetsi ku thupi la injini. Kapanipani kake kakapanda kulowa bwino, kapena madzi akalowa m'kati, kapena waya akaperepeseka n'kugunda chitsulo, injini imakhala ngati yazimitsidwa nthawi zonse. Pa injini za Yamaha, waya wozimitsira amakhala woyera. Muzuleni pomwe walumikizidwa ndipo yesaninso moto. Ukabwera, wolakwa wapezeka. Kumeneku n'kuyesa chabe: musalowe m'nyanja ndi swichi yozula, chifukwa ndi imene imaimitsa boti woyendetsa akagwera m'madzi.

Chachiwiri ndi mawaya akuda omangidwa pa thupi la injini. Magetsi amafuna njira yobwererera, ndipo dzimbiri loyera kapena lobiriwira pansi pa bawuti limatseka njirayo. Masulani, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba, n'kupaka girizi pang'ono pamwamba.

Zikakanikabe, pakufunika multimeter yoyezera koyilo yopanga magetsi ndi pulser. Manambala oyenera amasiyana malinga ndi mtundu wa injini, choncho ayerekezeni ndi a m'buku la injiniyo. Kabokosi ka CDI n'kovuta kukayeza mwachindunji. Kamaweruzidwa pomaliza, zina zonse zikapezeka kuti zili bwino.

Silinda imodzi yokha ikamalira

Injini imanjenjemera, imasowa mphamvu ndipo imadya mafuta ambiri. Sinthanitsani mapulagi awiriwo. Vuto likasamukira ku silinda inayo, pulagi ndiyo yafa. Likakhala pomwepo, yang'anani chipewa cha pulagi ndi waya wake wonenepa ngati zang'aluka. Usiku ming'alu yotere imaoneka ndi timoto tolumphira pa chitsulo. Pa injini zomwe silinda iliyonse ili ndi koyilo yake, mukhoza kusinthanitsanso makoyilowo. Njira yosinthanitsayi siidya ndalama, koma imaloza chipangizo chowonongeka molondola.

Zizindikiro zina zosokoneza

Pali injini imene imalira bwino m'mawa, n'kuzima pakapita kanthawi, kenako n'kuliranso ikazizira. Kawirikawiri chimachititsa ndi koyilo yomwe waya wake wam'kati amalekana akatenthedwa. Iyeseni moto nthawi yomweyo yangozima, isanazizire.

Ina imayamba kuphulika ndi kubweza chingwe mwamphamvu itangogunda mwala. Moto ulipo, koma ukubwera pa nthawi yolakwika, chifukwa kachitsulo kakang'ono kogwira flywheel pa malo pake kaduka ndipo gudumu lasendera. Kuchotsa flywheel kumafuna chida chake chokokera. Kuimenya ndi hamala kumawononga maginito ndi shafiti.

Injini zakale kwambiri, monga za Johnson ndi Evinrude zazing'ono za m'ma 1960, zilibe CDI. Zili ndi mapointi ndi kondensa pansi pa flywheel, ndipo mapointiwo amafuna kutsukidwa ndi kutchereredwa mpata wa theka la milimita.

Za injini zoliza ndi kiyi

Batire yodzaza imawerenga pafupifupi 12.6V injini isanalire, ndipo ikafika pa 12.0V yatsala pang'ono kutheratu. Mukamva kuti tcha koma sitata osazungulira, tsukani kaye mitu ya batire ndi kumanga mawaya musanaganize zogula china. Injini ikamathamanga, mphamvu iyenera kukwera kupitirira 13V. Ikapanda kukwera, kayikirani fyuzi kapena rectifier. Zinthu ziwiri zimene zimawotcha rectifier msanga ndi kusemphanitsa mawaya a batire ndi kuzula batire injini ikulira. Komanso musalize injini pamtunda popanda madzi, chifukwa kampira ka pampu yoziziritsira kamapsa m'kanthawi kochepa.

M'boti musamasowe mapulagi awiri atsopano, sipanala yake, sandipepa, tepi ya magetsi ndi tochi, zonse m'chigubu chotseka bwino, pamodzi ndi nkhafi ndi majekete oyandamitsa. Ife ophunzira ochokera kunyanja, tchuthi chikubwerachi tikhale pansi ndi abambo kapena amalume athu pagombe, tivundukule injini, tiwaonetse njira ya magetsi kuchokera pa flywheel kufika pa pulagi. Iwo amadziwa kulira kwa injini yawo kuposa ife, ndipo tikaphatikiza khutu lawo ndi Physics yathu, vuto lidzapezeka boti lisanachoke pagombe.