Kasamalidwe ka Munthu Wovulala Msana

Nyengo ya mango ikafika, zipatala zathu zimalandira anthu ambiri ogwa m'mitengo. Ena amagwa pangolo, panjinga kapena padenga pofolera nyumba. Chomvetsa chisoni nchakuti ena mwa iwo amapuwala chifukwa cha kanyamulidwe ka abale ofuna kuwathandiza.

Msana wa munthu uli ndi timafupa 33 tosanjikizana, ndipo m'kati mwake mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Mtsempha umenewu ndiwo umalamulira manja, miyendo, chikhodzodzo ndi matumbo. Fupa lothyoka likasuntha likhoza kuudula, ndipo ukaduka sulumikizananso.

Tsono mukapeza munthu wagwa, nadandaula khosi kapena msana, kapena miyendo yake yachita dzanzi, musamudzutse ndipo musamubereke. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti usagwedezeke. Ena atatu amutembenuze ngati chipika, mutu, mapewa ndi chiuno ziyendere pamodzi, ndi kumugoneka chagada pachitseko kapena pathabwa. Ikani nsalu zopinda mbali zonse za mutu, mum'mange ndi zitenje, mupite naye kuchipatala. Bulangete silifunika ponyamulira, pakuti msana umapindika. Ovulala kwambiri amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Wodwala akabwerera kumudzi, mdani wake wamkulu ndi zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi. Iye sakumva kuwawa, choncho sangakuuzeni. Mutembenuzeni maola awiri alionse, usana ndi usiku. Akagonera cham'mbali, ikani pilo pakati pa mawondo. Tsiku lililonse yang'anani matako, chiuno ndi zidendene. Mukaona khungu lasintha mtundu, asagonerenso pamenepo mpaka litabwerera mwakale. Zogonera zikhale zofewa, zouma ndi zopanda makwinya. Musamugoneke pafupi ndi moto, chifukwa akhoza kupsa osazindikira.

Mpatseni madzi okwanira, ndiwo zamasamba ndi zipatso kuti asadzimbidwe. Pindani ndi kutambasula miyendo yake pang'onopang'ono monga anakusonyezerani kuchipatala, kuti mfundo zisaume. Thupi likatentha, mkodzo ukayamba kununkha, kapena chilonda chikaoneka, pitani naye kuchipatala msanga. Kutema mphini sikulumikiza mtsempha, kumangowonjezera zilonda.

Ntchito imeneyi ndi yolemetsa kwa munthu mmodzi. Abale agawane maola, makamaka a usiku, kuti wosamalirayo nayenso apumule. Wodwala wosamalidwa bwino akhoza kukhala zaka zambiri, kuyenda panjinga ya olumala ndi kugwira ntchito yothandiza banja lake.